Madzi otsala ponyika nsalu: mmene mungachotsere utoto musanawataye

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amayi a nyumba ya kumunsi kwathu anandiitanira pa mpanda. "Aneba, tabwerani mudzaone." Anandilozera ngalande yodutsa kuseri kwa nyumba yawo. Madzi anali obiriwira ngati nsalu imene ndinayanika m'mawa womwewo, ana awiri akupondamo opanda nsapato, ndipo chitsime chimene mabanja angapo amatungapo chinali chapafupi pomwepo. Amayiwo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Kodi madzi amenewa amathera kuti?"

Yankho lake tonse timalidziwa, kungoti sitifuna kuliganizira. Ngalande za mu Lilongwe zimathira mu Lingadzi kapena mu mtsinje wa Lilongwe, Lilongwe amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kukafika ku nyanja cha ku Salima. M'njira yonseyi muli madimba a mpiru ndi tomato, muli ochapa, muli ng'ombe zakumwa. Ena mwa madziwo safika n'komwe ku mtsinje, amalowa pansi n'kukakumana ndi zitsime zosazama zimene anthu ambiri a ku Mtandire, Chinsapo ndi madera ena amadalira mpopi ukauma. Zimene ndalemba pano ndi za anzanga onyika zitenje, malaya ndi nsalu za batiki pakhomo kapena pa kagulu, amene tsiku la ntchito amatsala ndi ndowa zingapo kapena mgolo umodzi wa madzi akuda bii.

Yambani ndi kudziwa utoto wanu

Sitepe imeneyi musaidumphe, chifukwa mankhwala ochotsera amasiyana malinga ndi utoto. Njira yosavuta yodziwira ndi kuona zimene mumasakaniza nazo ponyika.

Ngati mumathira kositiki soda ndi haidrosi (ufa woyera wotchedwa sodium hydrosulphite) m'madzi otentha, ndipo nsalu imatuluka ndi mtundu wina n'kumasintha ikamapitidwa mphepo, umenewo ndi utoto wa vat. Uwu ndi wosavuta kuchotsa. Ukakumana ndi mpweya umasiya kusungunuka, umasanduka timibulu tating'onoting'ono toyandama m'madzi, ndipo timibuluto tingathe kusonkhanitsidwa.

Ngati mumathira mchere wambiri ndi soda ash, umenewo ndi utoto wa reactive. Mitundu yake ndi yowala mokongola, koma ndiwo wovuta. Gawo lina la utotowo siligwira nsalu, limagwirana ndi madzi n'kusungunukiratu ngati shuga mu tiyi. Mungausefe pa nsalu kakhumi, mtundu sutsika.

Choopsa m'madziwa si mtundu wokha. Soda amawotcha khungu ndiponso amapha tizamoyo ta m'madzi. Haidrosi amamwa mpweya umene nsomba zimapuma. Mtunduwo umatchinga dzuwa kuti lisafike kwa zomera za pansi pa madzi. Mitundu yambiri yofiira, yachikasu ndi yakuda ndi ya gulu lotchedwa azo, ndipo ina mwa iyo ikaphwanyika imatulutsa mankhwala odziwika kuti amayambitsa khansa. Utoto wobiriwira mowala uja wa turquoise nthawi zambiri umakhala ndi kopa m'kati mwake.

Patulani madzi oyamba

Apa ndi pamene pamapulumukira ndalama. Madzi onyikira enieniwo pamodzi ndi otsukuluzira koyamba ndiwo asenza pafupifupi utoto wonse, mchere ndi soda. Amenewa apite mu mgolo wawowawo wa pulasitiki, osati wachitsulo, chifukwa asidi ndi mchere zimadya chitsulo. Madzi otsukuluzira kachitatu ndi kachinayi asungeni padera, mudzatsukuluzire nawo koyamba nsalu za mawa za mtundu wofanana. Mukasakaniza zonse mudzakhala ndi migolo itatu yofuna mankhwala m'malo mwa umodzi.

Madzi a vat ndi a reactive asakumanenso mu mgolo umodzi. Wina angakuuzeni kuti akathira madzi otsala a haidrosi mu utoto wofiira wa reactive mtundu umazimiririka. Ndi zoona, umazimiririka, koma haidrosi wangodula utotowo pakati, ndipo zidutswa zakezo, zimene zilibe mtundu, ndi zomwe zija zoopsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mgolo musaudzaze. Ndowa zisanu ndi zitatu za malita 20, kutanthauza malita 160 mu mgolo wa malita 200, n'zokwanira. Malo otsalawo mudzawafuna thovu likadzakwera.

Siyani madziwo azizire. Ngati mumapanga batiki, phula lidzauma pamwamba, liwoleni ndi sefa ndipo mungathe kuligwiritsanso ntchito. Ngati ndi madzi a vat, atakaseni kwambiri ndi mtengo, kapena muziwatunga ndi kachidebe n'kumawathira kuchokera m'mwamba, kangapo pa tsiku, ndipo agone tsiku lathunthu osavundikira. Cholinga ndi choti haidrosi athe mphamvu. Mukathira asidi haidrosi akadali wamoyo, pamatuluka mpweya wa safa wotsamwitsa umene umapweteka m'chifuwa.

Kutsitsa ukali wa soda

Aliyense wophika therere amadziwa chidulo, ndipo amadziwa kuti mandimu ndi bwemba zili mbali ina. Muyeso wa pH umangonena mbali imene madzi ali. Pa 7 ndi pakati. Kutsika pansi pa 7 ndi mbali ya zowawasa, kukwera pamwamba ndi mbali ya chidulo. Madzi a soda ash amakhala cha pa 10 kapena 11, a kositiki soda amapitirira pamenepo. Alamu, amene ndi mankhwala athu oyamba okokera utoto pansi, amagwira bwino ntchito pakati pa 6 ndi 7.5 basi.

Timapepala toyezera pH timapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za m'ma labotale ndi mankhwala a madamu osambiramo. Popeza madzi athu ndi a mtundu, musamize kapepala konse. Gunditsani nsonga yokha, madzi akwere okha, muwerenge pamene madzi afika koma utoto sunafike.

Viniga amakwanira pa madzi otsukuluzira, koma pa madzi onyikira enieni mungathe mabotolo ambiri osafika. Pamenepo pamafunika asidi wa m'madamu osambiramo, hydrochloric acid. Valani magolovesi a mphira, magalasi oteteza maso ndi nsapato zotseka, ndipo ntchitoyi ichitikire panja, ana ali kutali. Thirani makapu asanu ndi anayi a madzi mu chidebe, kenaka kapu imodzi ya asidi pamwamba pake. Nthawi zonse asidi ndiye amapita m'madzi. Madzi akathiridwa pa asidi wamphamvu amatentha n'kuthovukira kumaso. Asidi wochepetsedwa mphamvuyu muzimuthira mu mgolo pang'onopang'ono, kutakasa, kudikira thovu litsike, kuyeza, kenaka kuthiranso. Mukafika cha pa 8 kapena 7.5 imani, chifukwa alamu nayenso ndi wowawasa ndipo atsitsa kotsalako.

Asidi wochokera m'mabatire akale a galimoto musamugwire n'komwe ngakhale atakupatsani ulere. Ali ndi mtovu, ndipo mudzakhala mwachotsa utoto n'kuikamo poizoni woposa utotowo.

Yesani m'mabotolo musanathire mu mgolo

Iyi ndiyo sitepe imene ndimaikakamira kwambiri ndikamaphunzitsa anzanga. Palibe munthu angakuuzeni mlingo wa alamu osaona madzi anu. Madzi a lero si a dzulo, wakuda safanana ndi wachikasu. Mukachepetsa alamu madzi sayera. Mukachulutsa, timibulu timabalalikanso, madzi n'kuchita mbuu, ndalama zapita. Ngakhale kumalo akuluakulu oyeretsera madzi akumwa amayamba ayesa m'timitsuko tagalasi asanathire mankhwala m'matanki.

Alamu, dzina lake lonse aluminium sulphate, amaoneka ngati miyala yoyera kapena mchere wokhakhala. Yezani magalamu 100 pa sikelo, muwasungunule m'madzi oyera mpaka akwane lita imodzi. Mililita imodzi ya madzi amenewa ili ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu. Pezani sirinji yatsopano yopanda singano ku famase, ndi mabotolo asanu oonekera m'kati a theka la lita. Dzazani botolo lililonse ndi madzi a mu mgolo mutawatakasa bwino.

M'botolo loyamba thirani mililita 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 5, lachisanu 8. Tsekani, khutchumulani mwamphamvu kwa mphindi imodzi, n'kutsegula pang'ono kuti mpweya utuluke. Kenaka muziwatembenuza mofatsa, ngati mukugoneka khanda, kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Muyamba kuona madzi akugawanika ngati mkaka ukamasanduka chambiko, timibulu tikugwirana n'kumakula. Aimikeni pamthunzi kwa ola limodzi osawagwedeza.

Mukabwerako yang'anani kudzera pa pepala loyera. Sankhani botolo la mlingo wochepetsetsa limene madzi a pamwamba ayera ndipo matope akhala pansi mogwirana. Ngati lachitatu ndi lachinayi akufanana, tengani lachitatu. Ngati onse akanika, onaninso pH musanaganize zowonjezera alamu, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pamenepo. pH ikakhala bwino, yesaninso ndi mililita 10, 15 ndi 20.

Masamu ake ndi awa. Mu ndowa ya malita 20 mumalowa mabotolo 40 a theka la lita, choncho mililita iliyonse imene munathira m'botolo ikuimira magalamu 4 a alamu pa ndowa. Ngati lapambana ndi botolo la mililita 3, ndiye magalamu 12 pa ndowa, ndipo pa ndowa zisanu ndi zitatu ndi magalamu 96. Lembani m'kope: tsiku, mtundu wa utoto, pH, mlingo. Pakatha miyezi iwiri kopelo lidzakhala likukuuzani poyambira.

Mu mgolo

Sungunulani alamu amene mwayezayo mu kachidebe ka madzi, osamuthira wouma. Khuthulirani mu mgolo mukutakasa mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kenaka chepetsani dzanja, muzizunguliza mtengo pang'onopang'ono kwa mphindi khumi ndi zisanu. Ambiri amalakwitsa pano, amapitiriza kuvundula ngati akuphika nsima, n'kuphwanya timibulu timene tayamba kugwirana. Mukatha, chotsani mtengo, vundikirani, musiye usiku wonse.

M'mawa tulutsani madzi a pamwamba ndi paipi yopyapyala, nsonga yake isafike pa matope. Musakoke ndi pakamwa. Dzazani paipiyo ndi madzi oyera, tsekani mbali zonse ndi zala, mizani mbali imodzi mu mgolo, inayo mutsitsire mu ndowa ili pansi. Amene angathe aboole mgolo n'kuikapo kampopi pamtunda wa chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pansi.

Pa utoto wa vat, nthawi zambiri apa ntchito yaikulu yatha.

Mtundu ukakana kuchoka

Utoto wa reactive, makamaka wofiira ndi wa turquoise, umatha kutsalabe ngakhale alamu atagwira ntchito yake. Mankhwala amene amauthana nawo bwino ndi ferrous sulphate pamodzi ndi laimu. Ferrous sulphate ndi timiyala tobiriwira motuwa, timene alimi a maluwa ndi kapinga amagwiritsanso ntchito. Ubwino wake ndi woti amafuna madzi a mbali ya soda, cha pa 9.5 kupita m'mwamba, choncho ngati mukudziwa kale kuti utoto wanu ndi wa reactive, mungathe kuyamba ndi iyeyu osathira asidi poyamba. Muyeseni m'mabotolo chimodzimodzi, magalamu 100 pa lita, osungunula tsiku lomwelo. pH ikatsika, ikwezeni ndi laimu wopakira nyumba wosungunula m'madzi. Matope ake amayamba obiriwira moderako, kenaka amasanduka a dzimbiri. Madzi a pamwamba mukawapatula, atakaseni kuti apume mpweya, chitsulo chotsala chikhale pansi, ndipo pomaliza tsitsani pH ifike pakati pa 6.5 ndi 8.5. Matope amachuluka kuposa a alamu, konzekeranitu.

Palinso chammwamba, mtengo umene uli m'makomo ambiri. Nthangala zake zouma, zosenda, zosinja ndi kusefa, zili ndi mapuloteni amene amakoka tinthu toyandama m'madzi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zinayesedwa pa malo oyeretsera madzi akumwa ku Thyolo. Pa utoto wina zimagwira, pa wina zimalephera, ndiye mabotolo omwe aja ndiwo aweruze. Sizisintha pH kwenikweni, koma madzi ake musawasunge masiku ambiri chifukwa amayamba kununkha.

Nanga Jik? Ndikudziwa kuti ndi amene ali pafupi, ndipo chiyambire mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 klorini wa ufa wa HTH amadziwika paliponse. Klorini amachotsadi mtundu mwachangu. Koma akakumana ndi utoto wambiri amapanga mankhwala ena osaoneka amene sawola msanga m'chilengedwe, ndiye ine ndimamuika kumapeto, pa madzi amene achotsedwa kale matope ndipo angotsala ndi kamtundu kapatalipatali. Thirani pang'ono, dikirani theka la ola, onani. Klorini asakumane ndi asidi kapena viniga, ngakhale m'chidebe chimene simunachitsuke, chifukwa mpweya umene umatuluka ungathe kupha munthu. Yezani kaye kuti pH ili pa 7 kapena kuposa. Mukatha siyani madziwo padzuwa osavundikira tsiku limodzi kapena awiri mpaka fungo la klorini litheretu.

Amene ali ndi fakitale, monga za ku Kanengo, kapena gulu lotulutsa migolo yambiri pa tsiku, ali ndi njira ina yamphamvu yotchedwa Fenton, potengera dzina la katswiri wa ku Britain amene anaifotokoza mu 1894. Madzi amatsitsidwa kufika pH 3, amathiramo ferrous sulphate, kenaka hydrogen peroxide pang'onopang'ono. Ziwirizi zikakumana zimaphwanya utotowo weniweniwo, osati kungoukokera pansi. Pakatha ola limodzi kapena kuposerapo amakweza pH ndi laimu kuti chitsulo chikhale pansi. Peroxide wa m'mafakitale ndi wamphamvu kwambiri, amawotcha khungu ndipo angathe kuyatsa moto, choncho njirayi imafuna munthu wophunzira za mankhwala ndi zida zoyezera. Si ya kuseri kwa nyumba.

Kusefa, ndi nkhani ya mchere

Tengani ndowa yoboola pansi. Yalani timiyala, pamwamba pake makala osinja okhuthala ngati chikhatho chimodzi, kenaka mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino, n'kuphimba ndi kansalu. Madzi adutse pang'onopang'ono. Makala amagwira utoto wotsalira. Simukufunika kugula thumba la makala chifukwa cha ntchitoyi, nkhalango ya Dzalanyama kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera yavutika kale mokwanira. Nyenyeswa zotsalira pansi pa thumba zimakwana, ngakhalenso zitsononkho za chimanga zowotcha mosapsereza. Makala wamba safika pa makala apadera ogula otchedwa activated carbon, ndiye muziwasintha mukangoona mtundu wayamba kudutsa.

Madzi akatuluka oyera, mtima umafuna kuthirira nawo ndiwo zamasamba. Musatero. Alamu, laimu, klorini ndi makala, palibe chimodzi mwa izi chimene chimachotsa mchere. Madzi onyikira a reactive amatha kukhala ndi mchere woposa wa m'nyanja yamchere, ndipo dimba lothiriridwa nawo limayamba kuyera pamwamba, mbewu n'kumapserera. Sayenera kumwedwa ndi munthu kapena chiweto, kuphikira, kapena kusambitsira mwana. Ntchito yake yabwino ndi kubwerera ku nsalu: kutsukuluzira koyamba mitundu yakuda, kutsukira ndowa ndi pansi pogwirira ntchito. Otsala apite ku suweji ngati dera lanu lili ndi mapaipi opita ku malo oyeretsera madzi a suweji a ku Kauma ndipo mwagwirizana ndi oyang'anira, apo ayi mu dzenje la miyala lokumbidwa kutali ndi chitsime chilichonse, mamita osachepera 30, ndiponso kumunsi kwake. M'miyezi yotentha, kuyambira Seputembala mpaka mvula isanagwe, madzi onyikira amchere kwambiri aja mungathe kungowayala pa chithaphwi chosazama choyalidwa pulasitiki yakuda, dzuwa liwamwe, inu n'kuwola zotsalazo.

Matope

Utoto sunathe, wangosamukira m'matope a pansi pa mgolo. Mukawakhuthulira m'ngalande ndiye kuti ntchito yonse ija mwaigwirira pachabe. Akhuthulireni m'thumba la ufa lolukidwa, mulipachike pamwamba pa beseni kuti madzi akhe, ndipo madzi okhawo abwerere mu mgolo. Yanikani matopewo pa pulasitiki, pamalo pamene nkhuku ndi ana safika, ndipo nthawi ya mvula pakhale denga. Akauma musawasinje kapena kuwapeta, fumbi lake si lopuma. Si manyowa, ndipo sawotchedwa. Ochepa mungawasakanize ndi simenti ndi mchenga n'kuumba timabuloko tosamangira nyumba yogonamo, kuti mvula isawasungunulenso. Akachuluka, asungeni m'matumba otseka ndipo mufunse ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe kumene angatayidwe. Makala ndi mchenga wakale wa mu sefa uja zimapita limodzi ndi matopewa.

Ntchito ikakula kufika potulutsa madzi tsiku ndi tsiku, dziwani kuti lamulo la za madzi la 2013 limafuna chilolezo munthu asanatayire madzi a m'fakitale mu mtsinje, ndipo lamulo la za chilengedwe la 2017 ndilo linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zoterezi. Pamenepo maso ndi timapepala ta pH sizikwananso. Tengani madzi anu otsiriza m'botolo loyera mukayezetse ku labotale, monga ya Malawi Bureau of Standards, kuti mudziwe zimene zatsalamo.

Pa ulendo wotsatira wonyika, yambani ndi sikelo. Yezani nsalu youma, yezani utoto ndi mchere molingana ndi malangizo a wogulitsa m'malo mongotapa ndi supuni, ndipo ipatseni nsalu nthawi yake yonse mu utoto musanaitsukuluze. Mgolo wa madzulo ake udzakhala wopepukirako mtundu, ndipo mukadzayesa m'mabotolo mudzaona kuti lopambana lasunthira ku mlingo wocheperapo.